Mkonono wa mwana: ndi tulo tabwino kapena akuvutika kupuma?



Lero ndabwera ndi nkhani ya mkonono. Ena mwayamba kale kumwetulira, mwina mwakumbukira abambo a kunyumba. Amenewo asiyeni kaye, tidzawakamba tsiku lina. Wa lero ndi mkonono wa ana. Mufunsa kuti nanga ukugwirizana bwanji ndi kadyedwe, popeza ife timabwera kuno ndi sikelo, tepi yoyezera mkono ndi nkhani za phala? Ukugwirizana ndithu. Alipo ana amene sikelo yawo imakana kukwera chonsecho pakhomo chakudya chilipo, ndipo chimene chikuwabweza m'mbuyo ndi kapumidwe kawo ka usiku.

Kwathu kuno timati mwana akamaliza mkonono ndiye kuti wagona tulo tofa nato, watopa ndi masewera. Ena amati watengera bambo ake, ndi za kumtundu. Koma mwana wabwinobwino amayenera kupuma mwakachetechete akagona. Munthu akagona minofu ya kukhosi imafooka, njira ya mpweya n'kuchepa pang'ono. Ngati njirayo ili yopanikizika kale, mpweya umadutsa mokakamiza n'kumagwedeza minofu yofewa ya kukhosi, phokoso lake n'lomwe timamva lija. Choncho mkonono ukutiuza kuti penapake pakati pa mphuno ndi kukhosi pachepa. Funso n'lakuti chapachepetsa n'chiyani.

Choyamba ndi chimfine, ndipo ichi sindichedwapo. Kuno ku Dedza tili pamwamba, boma lathu lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndiye m'miyezi ya Juni ndi Julayi palibe khomo lopanda mwana wa mamina. Mphuno zikatsekeka mwana amaliza mkonono masiku angapo, chimfine chikatha nawonso umatha. Umenewo usakudetseni nkhawa. Umene tikuwuopa ndi uja womveka mausiku atatu kapena kuposa pa sabata, mwezi ndi mwezi, ngakhale mwana alibe chimfine. Madokotala amati pafupifupi mwana mmodzi mwa ana khumi aliwonse amaliza mkonono wotere. Ambiri mwa iwo sakhala pangozi, koma ena ochepa amafika posiya kupuma kangapo usiku umodzi, ndipo amenewo ndiwo tikufuna kuwapeza msanga.

Chachiwiri ndi utsi, ndipo apa ndikhalapo pang'ono chifukwa ndi pamene ife amayi tingachitepo kanthu lero lomwe. Kukazizira timasonkha moto m'nyumba momwe timagona, timatseka chitseko, mazenera tatseka ndi zisanza kuti mphepo ya kuphiri isalowe. Ana agona pamphasa pafupi ndi motowo. Tayang'anani denga la nyumba yophikiramo mmene ladera ndi mwaye. Utsi umene wadetsa dengalo ndi womwewo ukulowa m'mphuno za mwana. M'kati mwa mphuno mumatupa, mamina amachuluka, njira ya mpweya n'kuchepa. Nanga mwana wa kumsana? Amayi akawerama kukoleza moto wa nkhuni zaziwisi kapena zitsononkho, nkhope ya mwana imakhala mu utsi momwemo, tsiku ndi tsiku, katatu pa tsiku.

Sindikunena kuti ana azigona ndi chisanu, ayi. Ndikunena kuti moto uziyaka panja kapena m'khitchini, utsi uthe, ana avale zofunda, agone moyandikana. Pophika mwana wamng'ono mpatseni mkulu wake kapena agogo amugwire chapatali. Nkhuni ziumitseni. Amene muli ndi mbaula ya Chitetezo igwiritseni ntchito, imadya nkhuni zochepa ndipo utsi umachepako. Koma mbaula ya makala musagone nayo m'nyumba yotseka, chonde chonde. Makala amatulutsa mpweya woipa wosaoneka komanso wosanunkha, umene umapha anthu ali m'tulo, banja lonse. Umenewo sumachenjeza ndi mkonono.

Pali utsi winanso umene sitiuwerengera. Fodya wa abambo kapena agogo, kaya ndudu za kugolosale kaya chingambwe, asutire panja, kutali ndi ana. Makoyilo othamangitsa udzudzu ndi utsinso, pomwe neti ilibe utsi. Ngakhale lubani, amene timakonda kufukiza tsiku la Ijumaa kapena kukabwera alendo, ngati muli ndi mwana wotsekeka mphuno fukizani iye ali panja, mutsegule chitseko asanalowe. Ana ena mphuno zawo sizigwirizana ndi fumbi, nthenga za nkhuku zogona m'nyumba, nkhungu ya m'makoma nthawi ya dzinja, kapena matumba a chimanga chothira mankhwala oikidwa kuchipinda kwa ana. Mwana wotere amayetsemula m'mawa uliwonse, amatikita mphuno, mamina ake ndi amadzimadzi, ndipo zimakula mu Ogasiti mpaka Okutobala kukachita fumbi. Yanikani mabulangete ndi mphasa padzuwa, muzikung'unthe. Posesa wazani madzi kaye.

Tsopano chachitatu, chimene chimayambitsa mkonono waukulu mwa ana ambiri a zaka 2 mpaka 8. Mwana akayasamula kwambiri, kumbali zonse ziwiri za kukhosi mumaona tinyama tiwiri, achipatala amati matonsilo. Palinso kanyama kena kobisika kuseri kwa mphuno, pamwamba pa kukhosi, kotchedwa adenoidi. Kameneka simungakaone ngakhale ndi tochi. Tinyama timeneti Allah anatilengera ntchito, timathandiza thupi la mwana kulimbana ndi tizilombo tolowera kukamwa ndi m'mphuno. Mwana aliyense ali nato, ndipo pa msinkhu umenewu timakhala tokulirapo poyerekeza ndi khosi lake, kenako timachepa akamafika pa unyamata kapena utsikana. Vuto limabwera tikakula mopitirira, kaya chifukwa cha kudwaladwala zilonda za kukhosi, kaya utsi uja, kaya chibadwa chabe. Masana mwana amakwanitsa kupuma chifukwa minofu ili yolimba. Akagona, minofu ija ikafooka, njira imatsekeka.

Mukamumvetsera mwana wotere mumamva chonchi: mkonono ukulira, ukulira, kenako zii. Chifuwa ndi mimba zikukoka koma mpweya sukulowa. Pakapita kanthawi akudzidzimuka ngati watsamwa, akukoka mpweya mwamphamvu, akutembenuka, mkonono n'kuyambiranso. Zimenezi zitha kuchitika kambirimbiri mpaka kucha, iye osadziwa, m'mawa osakumbukira kanthu. Ife amayi a Chisilamu tili ndi mwayi pamenepa. Timadzuka kukadali mdima kuti tiswali Fajr, ndipo m'mwezi wa Ramadhani timadzuka kukonza daku. Nthawi ya m'bandakucha imeneyo ndi imene vutoli limaonekera bwino, chifukwa ndi pamene mwana amakhala kwambiri m'tulo ta maloto, minofu itafookeratu. Musanatenge udhu, kapena mukangomaliza swala, khalani pambali pake mphindi zisanu kapena khumi ndi nyali. Muoneni kukamwa ngati kuli kotsegula. Muoneni khosi, ena amagona atapindira mutu kumbuyo ngati akuyang'ana kudenga, ena chogwada matako m'mwamba, pofuna kutsegula njira ya mpweya. Mugwireni pamutu, mupeza thukuta chonsecho kunja kuli chisanu cha Julayi.

Masananso zizindikiro zilipo. Amakhala kukamwa yasa, milomo youma, dovu likutuluka, mawu ake ngati munthu wa chimfine chosatha. Ena amadandaula mutu akadzuka. Ena amene anasiya kale kukodza pogona amayambiranso, ndipo ife timathamangira kukalipa kapena chikwapu, pomwe mwanayo sakuchitira dala. Munthu wamkulu akasowa tulo amawodzera, koma mwana nthawi zambiri zimamutembenukira: amakhala wosakhazikika, wolusa, wosamva, kumadrasa mwalimu akudandaula kuti sakusunga zimene aphunzira dzulo, kusukulu chimodzimodzi. Adenoidi ikakula imathanso kutseka tinjira topita kumakutu, ndiye mwana amadwala khutu pafupipafupi kapena kumva movutikira. Mukamuitana katatu osayankha, musafulumire kunena kuti ndi mwano.

Tibwere ku sikelo tsopano. Mwana wotere amalephera kukula pa zifukwa zitatu zimene zimagwirira pamodzi. Kupuma movutikira usiku wonse ndi ntchito, ngati munthu wokwera phiri la Dedza atasenza mtolo, ndiye mphamvu ya nsima imene anadya madzulo imathera pomwepo m'malo momanga thupi. Chinanso, mahomoni okulitsa mwana thupi limawatulutsa kwambiri akakhala m'tulo tozama, ndipo iyeyu tulo take timadukaduka. Chomaliza ndi kudya kumene. Tayesani kutafuna nsima mutatsina mphuno. Mwana wopumira kukamwa amadya pang'onopang'ono, amasunga chakudya m'masaya, nyama ndi chimanga chokazinga amakana, fungo la ndiwo salimva ndiye chilakolako palibe. Pambale imodzi ndi abale ake, iye akamameza mbamu yachiwiri anzake amaliza.

Ndinakumanapo ndi mwana wina wa zaka zinayi, m'mudzi wina kwa Kasumbu, amene sikelo yake inaima miyezi yambiri. Mayi ake anali wakhama, phala la nsinjiro amapereka, mazira akapezeka amapereka, mankhwala a njoka za m'mimba anamwa. Anthu anayamba kumunena mayiyo kuti sasamala. Tsiku lina ndikucheza nawo pakhonde mwanayo anagona pamiyendo pawo, masana, ndipo mkonono wake unkamveka mpaka pankhokwe. Nditafunsa, iwo anati, "Aaa, ameneyu ndi mmene amagonera chibadwire." Sanaganizepo kuti n'zofunika kuuza adokotala, ndipo palibe amene anawafunsapo. Kuchipatala anapeza matonsilo atatsala pang'ono kukhudzana. Atathandizidwa, miyezi yotsatira sikelo inayamba kuyenda.

Musandimve molakwa. Ana ambiri opinimbira kuno vuto lawo ndi chakudya chosakwanira magulu, kutsegula m'mimba ndi malungo. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno ndi opinimbira, ndipo si mkonono unachita zonsezo. Koma ngati mwana wanu mukumudyetsa bwino, kapena walandira chiponde koma sakusintha, ndipo usiku amaliza mkonono, nenani zimenezo kusikelo. Osadikira kuti akufunseni.

Mbali inayo iliponso: kunenepa kwambiri. Timasangalala mwana akakhala dunthu, timati akudya bwino. Koma mafuta ochuluka pakhosi amapanikiza njira ya mpweya. Izi zikuoneka kwambiri m'matauni ndi m'misika ikuluikulu ngati pa Chimbiya kapena pa boma, pomwe mwana amashupa tchipisi, zibwente ndi zakumwa zotsekemera tsiku lililonse. Palinso ana amene amafunika kuwayang'anira mwapadera chifukwa vutoli limawapeza kawirikawiri: obadwa masiku osakwana, obadwa ndi Down syndrome, ofooka ziwalo chifukwa cha vuto la muubongo, ndi odwala sickle cell.

China chaching'ono koma chimachitika, makamaka nthawi yokolola. Mwana wa zaka ziwiri kapena zitatu amalowetsa nyemba, njere ya chimanga kapena mtedza m'mphuno. Mudzadziwa chifukwa mphuno imodzi yokha ndiyo imatuluka mamina onunkha, nthawi zina a magazi. Musatokose ndi kamtengo kapena chibiriti, mungaikankhire m'kati. Pitani naye kuchipatala, ali ndi zida zake.

Ndikudziwa kuti mwana akamadzidzimuka usiku, kubanika, kulira, ena amaganiza za majini kapena anthu oipa. Kumuwerengera mwana dua pogona ndi chinthu chabwino, ine ndimachita, pitirizani. Koma chipembedzo chathu chimatilimbikitsanso kufunafuna mankhwala tikadwala, ndipo Shehe aliyense wodziwa adzakuuzani zomwezo. Mwana ndi amana imene Allah watisungitsa. Chitani dua, m'mawa mutenge kabuku kake ka kuchipatala muyambepo ulendo. Ndipo musalole munthu wina aliyense kumudula, kumukanda kapena kumufinya kukhosi ndi chala, lumo kapena kachitsulo. Kukhosi kuli mitsempha ya magazi yambiri, mwana atha kutaya magazi mpaka kufa, kapena kutenga matenda ena. Musamupatsenso mapiritsi ogonetsa kapena a chimfine a akuluakulu ogula pa okala kuti agone bwino. Mankhwala ogonetsa amafooketsa minofu ija kwambiri, ndipo mwana amene amapulumuka chifukwa chodzidzimuka mwamulanda chomudzutsa.

Kunyumba mungachite izi. Mphuno zikatsekeka, wiritsani madzi, azizire, muike mchere kotala la supuni yaing'ono m'kapu imodzi, mudonthezere madontho awiri mphuno iliyonse asanagone kapena asanayamwe, kenako mupukute. Madziwo muzikonza atsopano tsiku lililonse. Mwana wopitirira chaka chimodzi mugonekeni chammbali, mkonono umachepako. Koma khanda losakwana chaka ligone chagada nthawi zonse, popanda pilo, nkhope isafundidwe. Makanda a masabata ochepa amachita timaphokoso m'mphuno chifukwa timphuno tawo n'tating'ono, ngati akuyamwa bwino ndi kukwera sikelo si vuto. Uchi ndi wabwino pa chifuwa kwa mwana wopitirira chaka, koma wosakwana chaka musamulawitse n'komwe.

Pa kadyedwe, mwana wovutika kumeza mupatseni mbale yakeyake, mukhale naye, musamufulumizitse. Mupatseni zofewa koma zamphamvu, pang'onopang'ono kasanu pa tsiku: phala la mgaiwa lothira nsinjiro kapena ufa wa soya ndi kasupuni ka mafuta, kachewere wopota ndi dzira, nyemba zosenda zopota, usipa wosinja, nkhwani kapena bonongwe wotendera, peyala, nthochi, mapichesi akupsa nthawi yake ikafika. Mukaona bwino magulu onse asanu ndi limodzi alimo mmenemo, ndipo zambiri timalima tokha kuno. Kuyamwitsa ndiye chitetezo choyamba ku chimfine, khutu ndi chibayo: bere lokha miyezi 6, kenako bere ndi zakudya zina mpaka zaka ziwiri, monga mmene Qur'an yolemekezeka ikutchulira zaka ziwiri m'Surah Baqarah, ndime ya 233. Katemera amalize yense, kuphatikizapo wa chibayo amene anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2011, ndipo Vitamini A alandire miyezi 6 iliyonse.

Zilonda za kukhosi nazo musazipeputse. Mwana wa msinkhu wa sukulu akatentha thupi, akulephera kumeza, matonsilo afiira kapena ali ndi mafinya, apite kuchipatala. Tizilombo tina ta kukhosi tikapanda kuphedwa timadzawononga mtima patsogolo. Akakupatsani mankhwala amalize onse, ngakhale achire tsiku lachitatu. Otsala osasungira mng'ono wake.

Mukapita kuchipatala za mkonono, kumbukirani kuti adokotala amamuona mwana masana ali maso, akusewera, ndiye atha kuoneka wabwinobwino. N'chifukwa chake ngati pakhomo kapena kwa aneba pali foni yojambula, mujambuleni ali m'tulo mphindi imodzi kapena ziwiri, malaya mutakweza kuti chifuwa chioneke ndi phokoso limveke. Kavidiyo kameneko kamalankhula kuposa ife. Fotokozani kuti mkonono unayamba liti, mausiku angati pa sabata, ngati amasiya kupuma, ngati amakodza pogona, ndipo onetsani mzere wa sikelo m'kabuku. Yambirani kwa alangizi a zaumoyo kapena chipatala chaching'ono cha kwanu. Iwo akaona kuti n'kofunika adzakutumizani ku chipatala cha boma cha Dedza, ndipo ofunika madokotala a makutu, mphuno ndi kukhosi amatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Kalata yotumizira isungeni bwino. Muthanso kuimba ku Chipatala Cha Pa Foni, mwaulere, kufunsa malangizo m'Chichewa.

Ana ena amachira ndi mankhwala a m'mphuno ndi kuchotsa utsi m'nyumba basi. Ena adokotala amati tidikire miyezi ingapo tione. Koma amene akusiya kupuma usiku ndipo sakukula, nthawi zambiri amafunika opaleshoni yochotsa matonsilo ndi adenoidi. Ndikudziwa mawu akuti opaleshoni amatiopsa, ndipo pamafunika kukambirana ndi abambo, amalume ndi agogo. Opaleshoniyi imachitikira kukamwa, sang'amba pakhosi, mwana amakhala atagonetsedwa. Kukhosi kumapweteka sabata imodzi kapena ziwiri, adye zofewa ndi kumwa madzi ambiri, ndipo mukaona magazi m'kamwa mubwerere naye kuchipatala nthawi yomweyo. Thupi limapitiriza kudziteteza bwinobwino popanda tinyamato. Ana ambiri akachira amagona mwakachetechete, amadya, Alhamdulillah. Kungomusiya mwana wobanika chotero zaka ndi zaka kuli ndi ngozi yake, chifukwa mtima umatopa ndi kusowa mpweya usiku uliwonse. Abambo akamakayika, adzutseni usiku adzionere okha, kapena aonetseni kavidiyo kaja.

Pomaliza ndisiyanitse mkonono ndi zinthu zimene sizidikira kucha. Mkonono umamveka mwana akagona, akadzuka umatha. Koma ngati ali maso, wadekha, ndipo akupuma mothamanga, werengani mpweya wake mphindi imodzi yathunthu. Khanda losakwana miyezi 2 likafika ka 60, wa miyezi 2 mpaka 11 akafika ka 50, wa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu akafika ka 40, chimenecho chingakhale chibayo. Ngati pansi pa nthiti pakulowa m'kati akamakoka mpweya, ngati pakhosi pakulira ali maso, milomo kapena lilime zada, akukanika kuyamwa kapena kumwa, wakomoka, kapena mukumudzutsa osadzuka bwino, musadikire tsiku la sikelo kapena kuti abambo abwere kumunda. Funani njinga kapena kabaza, kaya ndi usiku, kaya ndi tsiku la Eid, mupite naye.

Tsopano tisanayambe kuyeza, amene mukudziwa kuti mwana wanu amaliza mkonono mausiku ambiri mutiuze pamene tikumuyeza mkono, tilembe m'kabuku mwake kuti alangizi aone. Amene simukudziwa, mumvetsereni sabata ino nthawi ya Fajr, mudzatiuze mwezi wamawa, Insha Allah.